Chingwe Choyezera Chitsime cha NyaLongwe

Ku Ching'ambo aliyense ankadziwa kuti NyaLongwe ukhoza kumunena za mwamuna wake, za mawu ake aakulu, ngakhale za dzino lake loguluka, koma chitsime chake usachiyambe dala. Chinali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda wa m'malire. Anachikumbitsa yekha chaka chimene bambo wa ana anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Njerwa za m'kati anaumba ndi manja ake. Chivundikiro cha simenti anachinenerera mpaka mmisiri anakweza manja nati, "Tengani amama, ndatopa nanu." Madzi a m'menemo ndi amene ankaphikira thobwa logulitsa ku msika wa Zigwagwa, ndi amenenso ankagwira anthu a lendi m'zipinda zake, poti kwina konse kunali kulawirira ndi zidebe kukafola pa mpopi. Thobwa limenelo ndi lendi imeneyo ndi zimene zinafikitsa mwana wake Wezi ku yunivesite.

Ndiye tangoganizani kuti wodzachiweruza chitsimecho anali Wezi yemweyo.

Nyengo yonse ya mvula mtsikanayu anapondaponda matope a Ching'ambo, Geisha ndi Katawa atanyamula timabotolo, kutunga madzi m'zitsime za anthu ndi kuyeza kutalika kwa chitsime chilichonse ndi chimbudzi choyandikana nacho. Inali ntchito ya maphunziro ake, koma a komiti ya zaumoyo ya m'deralo, amene anali asanaiwale chaka cha kolera, ankadikira kumva zimene apeze. NyaLongwe ankamunyadira. Anamubwereka jombo zake za mphira, n'kumauza anzake pamsika kuti mwana wake amayeza madzi ngati dokotala. Sankadziwa kuti akunola nkhwangwa yodzadulira mtengo wake womwe.

Tsiku lina masana, kunja kukuwaza kamvula kozizira ka ku Mzuzu kaja, Wezi anatsegula laputopu pakhonde.

"Amama, tabwerani muone."

"Ndili ndi chimera pa mphasa. Nena msanga."

"Khalani kaye pansi. Nkhaniyi ikukukhudzani."

NyaLongwe anakhala pa chigubu, manja ali mbuu ndi ufa wa chimera. Pagalasi panali timadontho tambirimbiri ngati ntchentche pa nsomba, ndipo pakati pake panadutsa mzere wofiira. Mzerewo unayambira m'mwamba kumanzere, n'kutsetsereka kwambiri ngati msewu wotsikira kwawo ku Nkhata Bay, kenaka unathyoka n'kuyenda chogona mpaka kumapeto.

"Kadontho kalikonse ndi chitsime chimodzi," anatero Wezi. "Kumanzere kuno ndi zitsime zoyandikana ndi zimbudzi, kumanja ndi zotalikirana nazo. Kadontho kakakhala m'mwamba ndiye kuti madzi ake ali ndi tizirombo tambiri ta m'chimbudzi. Mukuona pothyokapa? Timati bondo. Usanafike pamenepa, phazi lililonse loyandikira chimbudzi limawonjezera zoipa m'madzi. Ukangodutsa, basi, kaya utalikire bwanji madzi sasinthanso kwenikweni."

Anatchulanso dzina lake la masamuwo m'Chingerezi, lalitali ngati mnyolo, NyaLongwe sanafune n'kulimva komwe.

"Si za madzi zokha," Wezi anapitiriza, monga amachitira akayamba za kusukulu. "A zaulimi amapezera njira yomweyi pamene feteleza amasiyira kuwonjezera chimanga, kuti munthu asamataye thumba pachabe. Madokotala amaonera mwezi umene mwana anasiyira kukwera sikelo. A zansomba amaonera chaka chimene usipa unayambira kuchepa. Ngakhale othamanga amawayeza pamene mpweya umayambira kuwathera."

"Usandiyendetse m'mathengo. Changa chili pati?"

Chala cha Wezi chinazengereza, kenaka chinaima pa kadontho kena. Kanali pachitsetse, kufupi ndi bondo koma kasanalifike.

"Ndiye zikutanthauza chiyani?"

"A komiti agwirizana kuti chitsime chilichonse chosafika pa bondo achilemba penti wofiira. Chitsekedwe mpaka chimbudzi chisunthidwe, apo ayi chikwiriridwe. Chanu chaperewera mikono iwiri kuchokera pa chimbudzi cha a Frackson a kuseri kwa mpandawa."

NyaLongwe anaseka. Kwa iye mikono iwiri sinali nkhani. Moyo wake wonse anali asanaonepo mtengo umene wogulitsa anatchula koyamba n'kukhala womwewo. Nsomba, njerwa, fizi ya sukulu, ngakhale bokosi la maliro a mchimwene wake, zonse zinatsikapo.

"Yewo, ndamva. Tsopano sunthako bondo lakolo libwere kuno pang'ono."

"Sindinaliike ine, amama."

"Waliika ndani? Kompyuta ili ndi manja?"

"Zitsime zokha zaliika. Kompyuta imayesa kuuthyola mzere apa, kenaka apa, kenaka apa, mpaka ipeze pamene zidutswa ziwirizo zikuyenda bwino pakati pa timadontho tonse. Ine ndimangowerenga. N'zoona kuti silikhala pamalo amodzi enieni ngati msomali. Likhoza kukhala patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono."

"Ehe. Ndiye mtengo wake ndi wokambirana. Bwanji umabisa?"

"Si kukambirana. Poti sitikudziwa ndendende, ndawauza a komiti atenge malire akutaliwo, kuti tisaike ana pa ngozi."

Apa m'pamene magazi a NyaLongwe anawira. Anaimirira, chigubu chinagubuduka.

"Iwe Wezi. Unali ndi mpata m'manja mwako, mbali ino kuli mayi ako, mbali iyo kuli chimbudzi cha Frackson, iwe n'kupereka basela ku chimbudzi? Ukudziwa madzi amene anakusambitsa pamene unkapita ku sekondale? Ukudziwa chimene chinagula laputopu imene ukundilozera nayoyi? Wafa ndani pa nyumba pano? Tchula maliro ake."

"Sanafe munthu. Koma mwana wa m'chipinda chakumapeto watsegula m'mimba kangati mvula ino? Madzi anu ndinawayeza, amama, osati kamodzi. Sali bwino."

"Ana onse amatsegula m'mimba akamamera mano."

"Ali ndi mano onse mwana uja."

"Pakamwa ngati bambo ako," anatero NyaLongwe, n'kubwerera ku chimera chake. Koma mzere wofiira uja unamutsatira. Pokanda chimera ankauona ukutsetsereka.

A Frackson anali kalipentala wochokera ku Ntcheu, wokhala kuseri kwa mpanda. Mabanja awiriwa sankapatsana moto. Zinayamba kale, pamene a Mabel, akazi awo a Frackson, anaviika m'chitsimemo ndowa yonunkha parafini, thobwa la tsiku limenelo n'kutayidwa. Kuyambira pamenepo NyaLongwe anagula loko, ndipo a Mabel ankadutsa pakhomo pake atasenza ndowa ya ku mpopi, khosi lili gwa, osatembenuka. Komabe madzulo ake NyaLongwe anasuzumira pa mpanda.

"A Frackson, chimbudzi chanucho muchisunthe."

A Frackson sanasiye kupala thabwa. "Mwaswera bwanji kaye, amayi. Kwathu timayamba ndi moni."

"Moni wake ndi umenewo. Muchisunthe."

"Chimbudzi changa chinalipo inu musanakumbe dzenje lanulo. Wobwera pambuyo ndi amene amasuntha. Nyamulani chitsimecho mukachiike kutsogolo."

Komiti inalibe tepi yoyezera, choncho Wezi anaganiza za chingwe. Anatuma mayi ake omwe kukagula cha nayiloni chabuluu, ndipo NyaLongwe, ngakhale anali wokwiya, anachinenerera mpaka wogulitsa anamuwonjezera. Wezi anachiyeza ndi tepi yake, n'kumanga mfundo pa malire a bondo lija, n'kulowetsamo kansalu kofiira kuti izioneka. Lamulo lake linali losavuta. Nsonga ya chingwe pa mlomo wa chitsime, kokani mpaka pa chimbudzi. Mfundo ikapitirira chimbudzi ndiye kuti chayandikira kwambiri, penti. Ikalekera panjira, chitsime chapulumuka.

M'mawa wa tsiku loyeza, Wezi anakoleka chingwecho pa msomali wa pakhonde kuti a Overtoun, tcheyamani wa komiti, adzachitenge. Iye anakwera njinga ya kabaza kupita ku Geisha, kumene gulu lina linkamudikira ndi chingwe china.

NyaLongwe anachiyang'ana chingwecho nthawi yaitali. Sanaone kuti akuba. M'mutu mwake zinali chonchi: mwana wanena yekha kuti bondo limasuntha, wakana kulisuntha chifukwa cha manyazi a kusukulu, ndiye mayi amuthandize. Anatenga foloko, natokosa mfundoyo mpaka inamasuka. Anapinda mikono iwiri imene inkaperewera ija. Anaima, n'kuganiza kuti wogula wanzeru sachoka pamsika opanda basela. Anapindanso ina iwiri. Anamanga mfundo yatsopano, analowetsamo kansalu kaja, ndipo pamene panali yakale anapapukuta ndi matope kuti makwinya asaoneke.

A Overtoun anafika dzuwa litakwera, atavala jekete la tchalitchi, kumbuyo kwawo kuli amayi awiri a komiti, wina atanyamula chitini cha penti. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wofatsa amene ankapepesa ngakhale kwa nkhuku.

"Mwawuka uli, NyaLongwe? Mutikhululukire chomene, ndi ntchito chabe."

"Yambani pompano, ndione nazo."

Anagwiritsa nsonga pa mlomo wa chitsime, chingwe chinadutsa pa mpanda, a Overtoun anazungulira kulowa kwa a Frackson n'kuchikoka. Kansalu kofiira kanagwera m'nthochi za a Frackson, chimbudzi chili patsogolo ndithu.

"Aa, chapulumuka," anatero a Overtoun, nkhope ili ngwee. "Ndimaopa ine. Wezi anachita ngati akunena kuti pano pavuta."

"Ana a masiku ano amaopa mthunzi wawo womwe," anayankha NyaLongwe, atapinda manja pa chifuwa.

A Frackson anali ataima pambali, pensulo ili kukhutu. Anayang'ana kansaluko, anayang'ana chimbudzi chawo, anayang'ananso nthochi. Analowa mu shedi n'kutuluka ndi chikhomo ndi hamala.

"A tcheyamani, ndifunse. Pamene pagwera kansalupa, munthu atakumba chimbudzi, walakwa?"

"Malinga ndi chingwe, ayi. Bola asalowe m'kati mwa mfundo."

"Zikomo. Chakalechi chadzadza, chikundivutitsa. Ndimasowa pokumba, poti pamene chilipo ndikufuna kuwonjezera shedi. Ndimaopa kuti kuno ndiyandikira chitsime cha amayiwa. Kani n'pololedwa."

Anakhoma chikhomo pamfundo penipeni.

NyaLongwe anafuula ali pa mpanda. "Mwapenga? Mukufuna kundinyerera m'madzi?"

"Ine ayi, amayi. Chingwe n'cha mwana wanu, wophunzira. Ine ndi kalipentala chabe, ndimatsata muyezo."

"Zoonadi, NyaLongwe," a Overtoun anawonjezera mofatsa. "Chingwe chimene chakupulumutsani inu sichingawamange iwo."

  A komiti anakulunga chingwe chawo n'kupita nyumba ina, ndipo tsiku lonse NyaLongwe ankamva mawu awo akutalikira m'deramo, akuyeza zitsime za anthu ndi mfundo yake ija. Thobwa la tsiku limenelo linapserera. Anakalipira mwana wa lendi chifukwa choyanika malaya pa chingwe chake choyanikira zovala, anaponya chikuni kwa galu wosalakwa. Nthawi iliyonse akapita kuseri, chikhomo chija chinali pomwepo m'nthochi, choyera, chatsopano, pafupi kuposa chimbudzi chakale. Ndipo ngakhale ankakana ndi pakamwa, mawu a Wezi anali atamulowa: pachitsetse paja, phazi lililonse loyandikira limawonjezera zoipa.

Wezi anabwera dzuwa likupendeka, jombo zili matope okhaokha. Anapita kuseri kukasamba m'manja, naima. Pa chivundikiro panalibe penti. Anasuzumira pa mpanda n'kuona chikhomo.

"Icho n'chiyani?"

"Funsa mnzako Frackson. Akuti akumba pamene panagwera kansalu kako."

 Wezi anatulutsa tepi m'chikwama, anaikola pa mlomo wa chitsime, anadutsa pa mpata wa mpanda mpaka pa chikhomo. Anawerenga, anabwerera akuipinda pang'onopang'ono.

"Mwachita chiyani, amama?"

"Ndachita zimene iwe unalephera kuchitira mayi ako."

"Mikono inayi."

"Iwiri inali yanga. Iwiri inali basela."

Mtsikanayo sanakuwe. Bola akanakuwa, NyaLongwe akanadziwa pomugwira. Anangokhala pa chivundikiro cha chitsime, mawu ake ali pansipansi.

"Chingwe chimenecho chayenda nyumba zonse za kuno lero. Kwa a Deborah, kumene kumasungidwa ana a mkaka, chitsime chawo ndikuchidziwa, n'choipa kuposa chanu. Lero awauza kuti chili bwino. Mawa asiya kuwiritsa madzi."

"Ine za a Deborah sizikundikhudza. Aliyense amalondera mbuzi yake."

"Chabwino. Mawa ndipita kwa a Overtoun ndikawauze kuti chingwe n'cholakwika, ayambirenso."

"Akakufunsa kuti walakwitsa ndani?"

"Ndikanena kuti ndine. Ndinawerenga tepi molakwika."

"Ukanene chiyani?" NyaLongwe anamuyandikira. "Ine ndapsa zala pa mbaula zaka zonsezi, ndanyowa ndi mvula ku Zigwagwa, kuti iwe ukaime pamaso pa Overtoun ndi Frackson n'kunena kuti sudziwa kuwerenga tepi? Kuti Mabel azikaseka pa mpopi kuti dokotala wa NyaLongwe walephera chimene kalipentala amadziwa?"

"Ndiye ndikanene kuti mayi anga ndi amene anamasula?"

"Usakanene chilichonse. Pakamwa ndili napo ndekha. Tandiuza chinthu chimodzi, ndipo usandizungulitse. Akayezanso ndi mfundo yeniyeni, chitsime changa?"

"Penti. Chimbudzi chakalecho chikadali m'kati."

"Frackson akakumba kumapeto kwa puloti yake?"

"Puloti yawo ndi yaing'ono. Ndinayeza kale. Paliponse pawo pali m'kati mwa bondo."

"Ndiye malo ake ali kuti?"

Wezi anatembenuka n'kuyang'ana kutsogolo kwa nyumba yawo, pa ngodya ya kumsewu imene inkakhudzana ndi mpanda wa a Frackson. Pamenepo panali maziko a chipinda china cha lendi, amene NyaLongwe anathira chilimwe chatha, njerwa zake zitaunjikidwa kale pambali.

"Uli ndi mtima wa mfiti," anatero NyaLongwe.

M'mawa mwake anadzutsidwa ndi phokoso la piki. Amuna awiri aganyu anali atadula kale nthochi, akukumba pa chikhomo, a Frackson akuwayang'anira ndi kapu ya tiyi m'manja. NyaLongwe anamanga chitenje cholimba, sanadutse pa mpata wa mpanda ngati wakuba. Anazungulira kumsewu n'kulowera pa geti.

"Mwadzuka bwanji, a Frackson."

A Frackson anatsitsa kapu. "Lero kuli moni? Kugwa mvula ya matalala."

"Auzeni anthuwa aime. Mfundo ija ndinasuntha ndine. Pamene mukukumbapa mpoletsedwa, ndipo Overtoun akabwera ndi chingwe choona mukwirira nokha dzenjelo."

Aganyu aja anaima okha, atatsamira mapiki. A Mabel anatulukira pakhomo la khitchini, mpeni ndi anyezi zili m'manja.

"Mwamva, mayi a Jordan?" a Frackson anaitana akazi awo, akuseka. "Amayi a mpingo, a gulu la umanyano, kumasula mfundo ngati mbava ya mbuzi."

"Sekani mumalize, ndili ndi zochita. Mukamaliza mundiuze kumene mukakumbe, poti chakalecho chadzadza ndipo puloti yanu yonse ili m'kati."

"Ili m'kati chifukwa cha chitsime chanu. Achikwirire, ine ndikumba pamene ndafuna. Vuto ndi lanu, amayi, si langa."

Zinali zoona, ndipo onse awiri ankadziwa. NyaLongwe anali atazolowera kukhala iye woyamba kutembenuka n'kumachoka, wogulitsa n'kumamuitana. Lero analibe kotembenukira.

"Ngodya yanga ya kumsewu," anatero, mawu akutuluka ngati akuzula dzino. "Pa maziko paja. Mukumbe pamenepo. Khomo limodzi kwanu, lina kwanga, chakwanga chakale nachonso nditseka. Chanu chakalechi mukwirire ndi laimu ndi dothi."

"Maziko a chipinda? Inu?" A Frackson anachotsa pensulo kukhutu. "Njerwa zili pambalizo?"

"Njerwa ndi zanga."

"Ndiye ndimangira chiyani? Malovu?"

"Theka."

"Zonse. Ine ndiika zitseko ndi denga."

"Zitseko za mlombwa, osati zinyalala za paini zimene mumanamiza nazo anthu."

"Za paini, zopaka vanishi."

"Za bulugamu, ndipo aganyuwa muwalipira ndinu."

A Frackson anakanda chibwano. Asanayankhe, a Mabel analankhula kuchokera pakhomo paja, osakweza mawu.

"Ndi madzi."

NyaLongwe anatembenuka. "Mwati?"

"Madzi, NyaLongwe. Khosi langa latha ndi ndowa za ku mpopi, chitsime chili pamphuno panga. Chikatsegulidwa, kiyi wina akhale kuno."

"Kuti mudzathiremonso parafini?"

"Ndiye bambo a Jordan, auzeni anthuwa apitirize kukumba."

Mmodzi wa aganyu analavulira m'manja n'kugwira piki. NyaLongwe anayang'ana dzenjelo. Linali lisanafike m'chiuno, koma pansi pake panali patayamba kale kunyezimira madzi, poti Ching'ambo yonse ndi dambo. Madzi omwewo, odutsa pansi pa mpanda osapempha chilolezo kwa munthu.

"Kiyi mutenga," anatero. "Koma ndowa yotungira ikhala imodzi, yanga, yomangirira pomwepo. Ndikadzaona ndowa ya kwanu yalowa m'menemo, ndidzakuponyeranimo inuyo."

"Tamvana," anatero a Mabel, n'kubwerera ku anyezi wawo.

NyaLongwe anatuluka pa geti paja atataya chipinda, njerwa ndi kiyi, iye amene sankasiya ngakhale tomato mmodzi pa mulu. Sanalowe m'nyumba. Anapitirira mpaka kwa a Overtoun, amene anawapeza akutsuka m'kamwa pakhonde.

"Bweretsani chingwe chija. Ndinachifupikitsa ndine dzulo. Wezi sakudziwapo kanthu, ndipo amene anene kuti mwana wanga sadziwa kuyeza adzaonana ndi ine."

A Overtoun anatsala pang'ono kumeza mswachi. "NyaLongwe, mwatiyendetsa tsiku lonse pachabe? Anthu tawauza kale kuti..."

"Mukawauzanso. Miyendo muli nayo. Ndiyenda nanu ndine, amene akufuna kutukwana atukwane ine. Muyambire kwa a Deborah."

Anatukwanidwadi. Wezi atamanganso mfundo pamalo pake, tepi ili poyera aliyense akuona, anayenda nyumba ndi nyumba, ndipo zitsime zingapo zimene dzulo zinapulumuka lero zinalandira penti. Mayi wina anamutchula NyaLongwe kuti mfiti, bambo wina anati ayitana apolisi. Iye ankangogwira nsonga ya chingwe pa mlomo wa chitsime n'kumayankha kuti, "Mwatha? Kokani uko, a Overtoun."

Chake anachisiya komalizira. Mfundo inadutsa nthochi zodulidwa zija, inadutsa chimbudzi cha a Frackson n'kukagwera kuseri kwake.

"Poti chimbudzi chikusunthidwa," NyaLongwe anayamba, akuyang'ana Wezi, "penti ndi wachiyani? Tingoti chapulumuka."

"Dothi silimva msanga, amama. Zoipa zimene zinalowa kale zimatenga nthawi. Ndiziyeza mwezi uliwonse. Timadontho tikayamba kutsika, mzere wa chitsime chanu nawonso udzathyoka, tidzaona mwezi umene zinasinthira. Ukadzafika pansi n'kugona, tidzatsegula."

"Liti?"

"Sindikudziwa."

"Mvula isanabwerenso?"

"Mwina. Mwinanso ayi. Zitsime zina sizibwerera."

"Ndapereka chipinda, njerwa ndi kiyi, iwe ukundipatsa mwina?"

"Ndi zimene ndili nazo."

NyaLongwe anamuyang'ana mwana wakeyo kuyambira ku jombo mpaka kumutu, kufunafuna pamene pangafewe. Panalibe. Anamubereka yekha, ankadziwa kumene anatengera.

Mayi wa komiti uja anayandikira ndi chitini, burashi ikudontha. NyaLongwe anamutsekereza ndi mkono.

"Patseni kuno. Pa chitsime changa sipalemba dzanja la munthu wina."

Anawerama, nalemba chizindikiro chofiira chachikulu kuchokera ngodya kufika ngodya ya chivundikiro chimene anachinenerera chija, penti akulowa m'ming'alu ya simenti. Anatseka loko, kiyi anamangirira pa nsonga ya chitenje. Kenaka analowa m'khitchini n'kutuluka ndi zidebe ziwiri zopanda kanthu. Chimodzi anachiponya pa mapazi a Wezi.

"Nyamula. Thobwa silidikira mzere wako. Ndipo ku mpopiko ukafole ndiwe kutsogolo, akuone bwino amene watitumiza kumeneko."